Mlongo wa a Dzukani apeza ntchito

Boma litalengeza kuti anthu ongokhala achuluka ndipo chuma cha dziko chikuwonda chifukwa cha iwo, linatsegula maofesi osaka malova. Mu ofesi ina yotere, pakati pa fani yakufa ndi kabati yosatsekeka, munkakhala mlangizi wina amene anzake ankamutcha Dzukani, poti mawu amenewa ndiwo anali moni wake kwa aliyense wolowa pakhomo. A Dzukani ankadana ndi ulesi koopsa, ngakhale kuti eni akewo tiyi wa m'mawa ankamumwa mpaka dzuwa kufika paliwombo.

Tsiku lina bwana wawo anadandaula pamsonkhano kuti maofesi ena akulowetsa anthu ntchito ngati nyerere pomwe yawoyi yangoti zii. Anakumbutsanso kuti mpando wa wachiwiri wake unalibe munthu. A Dzukani anaweruka mtima uli pampandowo.

Kunyumba ankakhala ndi mayi awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, komanso mlongo wawo wamasiye yemwe ankasamalira mayiwo. Madzulo amenewo anamupeza mlongoyo akuwodzera pampando, miyendo atatambasula. Zofunda zimene zinali mbwee pachingwe sanazione. Anangoona lova, lova lake lapafupi, losafuna kulisaka.

"Achemwali, munthu wa manja awiri n'kumangokhala chonchi? Boma likulira ndi anthu ngati inu."

"Nanga amayi, achimwene?"

"Amayi n'kungowapatsa chakudya ndi kuwatsegulira wailesi. Imeneyo n'kukhala ntchito?"

Mlongoyo anangoti wamva. Posakhalitsa a Dzukani anamupezera malo pafakitale yosoka mayunifolomu m'tauni ina yakutali, kumene antchito ankagona konko. Anamujambulitsa atakhala pamakina, ndipo chithunzicho chinamatidwa m'makoma ndi m'mabasi, pansi pake atalemba kuti "Ndinadzuka!" Bwana anawayamika monga munthu amene wayamba kusesa m'nyumba mwake, ndipo mpando uja unakhala wawo.

Kuti aziyang'anira mayi aja, a Dzukani analemba mtsikana wantchito. Mtsikanayo sanathe mwezi. Wotsatira anatsanzika kuti akukagula sopo, mpaka lero. Wina anawauza maso ndi maso kuti ntchito ya m'nyumba imeneyi ndi ya anthu atatu, ndipo iye anabadwa yekha.

Apa m'pamene a Dzukani anayamba sukulu. Anaphunzira kuti munthu wogona amafunika kumutembenuza pafupipafupi, apo ayi msana umatuluka zilonda. Anaphunzira kuti mayi awo amatsamwa ukawadyetsa mothamanga, kuti mankhwala amabisa kutsaya n'kulavula ukangopotoloka, ndiponso kuti mzere wa kuchipatala sudziwa kuti munthu ndi wachiwiri kwa bwana. Ku ofesi ankafika mochedwa, malaya akununkha mafuta otikitira. Pamsonkhano waukulu wokambirana njira zodzutsira aulesi, iwo anagona mpaka kuliza mkonono alendo akuona. Bwana anawalangiza mwachikondi kuti apume kaye popanda malipiro, ndipo pampando paja panakhala wina, woti angogwirizira.

Mlongo uja atabwera kudzacheza, anatsika basi atanenepa, khungu lili see, nsapato zatsopano zikulira. Anawapeza achimwene ake atagwada pabeseni, akulimbana ndi bulangete. Iwo anamulandira ngati mlendo wa boma, nampatsa mpando, n'kuyamba kuzungulira nkhani: za kufunika kwa chibale, za kuipa kwa moyo wa m'tauni, za mmene amayi ankamutchulira. Pomaliza anangomasuka, napempha kuti abwerere.

"Achimwene, ine kujaku ndimaweruka," anatero mlongoyo mofatsa. "Belu likalira ndimaimika makina, palibe wondiitananso. Lamlungu ndimapuma. Mwezi ukatha amandipatsa malipiro, n'kunenanso kuti zikomo. Sindinkadziwa kuti ntchito n'kupuma chonchi. Komanso nkhope yanga ili pabasi iliyonse. Ndikasiya, boma silichita manyazi?"

Mlongoyo analowa kuchipinda, nawatembenuza mayi ake kamodzi kokha ngati akutembenuza khanda, n'kuwapesa tsitsi. Anawalonjeza kuti azibwera mwezi ndi mwezi, ndipo anasiya sopo, mafuta odzola ndi magolovesi a achimwene ake. Dzuwa lisanapendeke anathamangira basi.

A Dzukani anatsala ataima pakhomo, magolovesi ali m'manja. Kuchipinda kunamveka kabelu ka mayi awo, kenaka mawu olemera aja, otuluka mbali imodzi ya kamwa, akufunsa ngati mwana wodziwa kugwira munthu uja wapita kale. Iwo anayankha kuti inde, wapita kuntchito. Anapinda manja a malaya n'kulowa.

Akuluakulu sananame: chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.