Tsiku Limene Kamuvi ka Oyilo Kanagwa

Kalekale ndithu, phula lisanafike kuseri kwa phiri la Ngolomi, kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Amuna ake, a Kamphale, anali ndi kapikapu kokalamba, galimoto yokhayo m'dera lonselo. Ana awo atatu anali akuluakulu, aliyense ndi khomo lake.

Kanyale kochenjeza za oyilo m'galimotomo kanali katafa zaka zambiri, ndipo Elube, mwana wawo wamkazi, ndiye ankada nazo nkhawa. Atapita kutauni anagula kachitsulo komanga pa injini koyeza mphamvu ya oyilo, pamodzi ndi geji yake ya kamuvi koonetsa mphamvuyo. Alongo ake anamuseka kuti wagula chinthu chapamsika, chosabwera ndi galimoto.

Lakiyoni, mwana woyamba, anali makaniko. Anaseka nawo, komabe anatenga sipanala. Mazinga a kachitsuloko anakana kulowa pa injini. Wina akanakataya, koma iye anakhalira tsiku lathunthu kusula cholumikizira, nachikulunga tepi, nakoka waya mpaka pafupi ndi chiwongolero. Atayatsa injini, kamuvi ka geji kanadzuka.

Sipanathe sabata ziwiri, mphiri inaluma a Kamphale kudimba, dzuwa litangokwera. Witinesi, mzime, ndiye anali dalaivala. Nankhoma anaponya sopo ndi zitenje m'thumba, nakwera kumbuyo, mutu wa amuna ake uli pamiyendo pake. Mwendo unkatupa iye akuona, khungu likuda ngati lapsa.

Njira ya kuchipatala inkadutsa m'nkhalango mopanda nyumba ngakhale imodzi. Ali pakatikati, mwala unagunda pansi pa galimoto, kho! Posakhalitsa Witinesi anazimitsa injini.

"Waimiranji?" anakuwa Nankhoma. "Bambo ako akufa!"

"Amayi, kamuvi kagwa. Oyilo akutayika."

"Galimoto ikuyenda bwinobwino! Yendetsa, mwanawe, ndagwira mwendo wako!"

"Ndikayendetsa, injini ipsa tisanafike pamlatho. Pamenepo adzatinyamula ndani?"

Witinesi analowa kunsi kwa galimoto. Nankhoma anatsala akumvetsera mpweya wa amuna ake. Anawaitana, anayankha ndi lilime lolemera. Anawaitananso, osayankha. Nkhalango inali zii, ntchentche zokha zikuzungulira bala. Mumtima Nankhoma anayamba kutemberera geji, woigula ndi woimanga yemwe.

"Ndipatseni sopo uja, ndi chitenje!" anafuula Witinesi ali pansipo.

Anakanya sopoyo, namata pabowo pamene mwala unaboola, namangapo nsanza ya chitenje. Anathira oyilo wa m'kachigubu ka kuseri kwa mpando. Atayatsa, kamuvi kananjenjemera, kenaka kanakwera. Anayenda diso limodzi panjira, lina pageji.

Kuchipatala dokotala anangoti, "Mukanachedwako pang'ono, bwenzi tikunena zina."

A Kamphale anachira, koma mwendo uja sunathenso kuponda kalachi poyendetsa galimoto. Atabwerera kumudzi anasonkhanitsa banja, naika kiyi m'dzanja la akazi awo.

"Ine sindinaone kanthu, ndinali kumalire a manda. Inu munaona zonse. Mupatse galimotoyi amene anandipulumutsa."

Elube anati, "Ndikanapanda kugula, mukanadziwa bwanji? Si inu munkandiseka?"

Lakiyoni anati, "Chitsulo chili m'pepala sichilankhula. Chinalankhula chifukwa cha manja angawa."

Witinesi anayang'ana amayi ake, nati, "Kamuvi kanagwa, inde. Koma amene anaima, amayi akulira kuti ayende, anali ndani?"

Nankhoma anaweramitsa mutu. Mantha a m'nkhalango aja anamubwereranso, koma tsopano ankaopa zina. Ankadziwa kuti akangotambasulira dzanja kwa mmodzi, awiri otsalawo sadzapondanso pakhomo pake ndi mtima umodzi. Ankadziwanso kuti Witinesi akanamumvera iye tsiku lija, bwenzi pano ali wamasiye. Kiyi uja anamulemera m'dzanja ngati mwala wa mphero, ana atatu onse maso ali pa iye.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, muthandizeni Nankhoma: kiyi apatse yani? Wogula, womanga, kapena amene anakana mawu a mayi ake n'kuima pakati pa nkhalango?