Makoko Aawisi M'chipewa

Pa nazale ina ya mitengo panali bambo amene anzake ankamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sichinkachoka kumutu ngakhale pamthunzi. Ntchito ankaidziwa. Njere yokanika kwa ena, iye akaifesa inkamera. Ndiyenso anaphunzitsa mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, kuzindikira zomera, mpaka mlamuyo anapeza ntchito yolondera nkhalango.

Tsiku lina mlamuyo akuyendera malire a nkhalango anapeza kanyemba kakutchire ka maluwa ofiirira kakuyanga m'ming'alu ya thanthwe. Akatswiri a zomera atabwera anati mtundu umenewu ankauyesa kuti unatha kalekale, ndipo sukupezekanso kwina kulikonse. Malo ake onse sankaposa mphasa ziwiri. Kanyembako kamakhala nyengo imodzi yokha. Kakauma, makoko amaphulika, njere n'kugwera m'ming'alu kudikira mvula. Akatswiriwo anati makoko akakhwima adzabweranso kudzatenga njere zochepa zokasunga, zambiri n'kuzisiya pomwepo.

Chithunzi cha mlamu chinatuluka m'nyuzipepala. Mkazi wa Chipewa anachidula n'kuchimata pakhoma la pabalaza.

"Mwaona, bambo a ana? Achimwene atchuka."

"Atchuka ndi maso a yani?" anatero Chipewa. "Munthu ameneyu anafika pano osasiyanitsa nyemba ndi chitedze."

"Ndiye kondwerani, wophunzira wanu wakhoza."

Chipewa anaseka ndi mano okha. Kuyambira pamenepo chithunzi chija chinkamuyang'ana akamadya. Mumtima ankati kupeza ndi mwayi chabe, ngakhale mbuzi ikanapeza. Luso ndi kumeretsa. Akatswiri aja akamadzabwerera adzapeze mbande zili ndandanda pa nazale yake, aone amene ali mwini ntchito.

Anasankha tsiku limene mlamu wake anali tsidya lina la nkhalango, nakwera kuthanthwe. Makoko anali akadali obiriwira. Iye mwini anali ataphunzitsa anthu ambiri kuti njere yaiwisi si mbewu, koma tsiku limenelo anadzinamiza kuti dzanja lake silinakanikepo kanthu. Atathyola theka anaima. Kenako anaganiza kuti akasiya ena, mlamu wake adzakolola okhwima n'kumuposanso. Anapulula onse, nawabisa m'chipewa.

Anayanika njerezo pamthunzi, nazifesa m'machubu a dothi lake labwino koposa, n'kumathirira ngati akulera khanda. Zinachita makwinya, kenako zinawola imodziimodzi.

Mlamu anafika pa nazale nkhope itagwa.

"Alamu, anyani andipweteka. Makoko onse aja psiti. Ndati ndithamangire kwa inu, mwina mungadziwe chochita."

Akulankhula choncho, maso ake anagwera pansi pa benchi, pamene panali makoko opanda kanthu atafota. Anatolapo limodzi, nalitembenuza pachikhatho nthawi yaitali. Anayang'ananso machubu aja.

"Anyani a masiku ano," anatero motsitsa mawu, "akudziwa ndi kufesa komwe."

Chipewa anavula chipewa chake, chinthu chimene palibe anachionapo. Mlamu anaika khoko lija pabenchi n'kumapita.

Mvula inagwa yokwanira chaka chimenecho. Chipewa anakwera kuthanthwe kangapo, n'kumagwada kusuzumira m'ming'alu. Munamera udzu wokhawokha. Akatswiri anabwera, anafufuza, nabwerera chimanjamanja. Mlamu sanamunenere kwa wina aliyense, komanso sanapondenso pakhomo pake. Mkazi anamatula chithunzi chija osafunsa kanthu, pakhoma n'kutsala chigamba choyera chimene Chipewa amachiona tsiku lililonse akamadya.

Akanadikira, womeretsa njere zokasunga zija akanakhala iye yemweyo, pakuti kuderalo kunalibe womposa. Akuluakulu sananame: ndidyeretu, chire anasowa mbewu.