Wotcha Dzina Mwana wa M'chiperoni

Kalekale, misewu ya kumapiri isanaone phula, ndinadutsa kudera kumene chiperoni chikatsika sutha kuona ngakhale chala chako. Kumeneko kunali abale atatu a bere limodzi, onse a ntchito ya rada, makina aja oponya mafunde m'mwamba n'kumamvetsera akamabwerera atagunda ndege.

Wamkulu, Mwatitha, ndiye anakonza kaimikidwe kake. Ataona kuti rada imodzi siona kuseri kwa phiri, anaimika zitatu pansonga zitatu, iliyonse yoyang'ana kumsana kwa inzake, zonse n'kumatumiza zoona zawo kubwalo la ndege. Atamaliza anapita kukasaka ntchito kwina. Enafe mapazi athu amayabwa.

Tsiku lina kandege konyamula Nangozo, mayi wapakati amene matenda anamuvuta, kanasochera m'chiperoni. Pomwepo chimphepo chinapotoza mbale yachitsulo yolumikizira rada yapakati ndi bwalolo, kandege n'kuzimirira pasikirini.

Wachiwiri, Sekanawo, anakwera nsanja ya mbaleyo mvula ikumukwapula. Mabawuti anali atathyoka, choncho anaikumbatira mbaleyo n'kuilozetsa kubwalo ndi manja, osaisiya mpaka zala zinachita dzanzi.

Mlongo wawo, Ndaziona, anali pasikirini kubwalo la ndege. Rada zitatuzo zinabweretsa madontho osagwirizana osonyeza pamene panali kandegeko, yakum'mawa n'kumanama chifukwa cha mvula. Iye anawayerekeza, anataya labodzalo, n'kunena pawailesi: "A pailoti, khoterani kumanja tsopano lino, kutsogolo kwanuko ndi thanthwe." Kandege kanatera, ndipo Nangozo anachira mwana wamkazi.

Mwamuna wake, bambo Kachingwe, anaitana atatuwo. "Amene anapulumutsa mwanayu ndiye amutche dzina," anatero. "Koma mmodzi. Kwathu mwana satchedwa ndi pakamwa patatu."

"Mphwanga," anayamba Mwatitha, fumbi la basi lidakali m'tsitsi, "ukanakwera nsanja iti ndikanapanda kuimika?"

"Achimwene, inu tsikulo munali kuti?" anayankha Sekanawo. "Si mumadya chipisi ku Limbe ine ndikulendewera ngati mleme?"

"Nonse awiri munangondipatsa madontho," anatero Ndaziona. "Dontho siliteretsa ndege."

Mchombo unagwa, nthawi yotuluka m'chikuta inakwana, koma mwana analibe dzina. Ine ndinanyamuka akukanganabe, Nangozo atakhala pakhomo, akungomutcha kuti Khanda.

Ndiye inu mwamva nkhaniyi, tandiuzeni: mwanayu amutche ndani, amene anaimika nsanja n'kuchoka, amene anagwira mbale pamvula, kapena amene anasankha dontho?