Mizere Yokhota ya Rajabu

Rajabu anawapeza Shehe Sumani kuseri kwa mzikiti ku Ntaja, akukanda simenti ndi fosholo, thukuta lili kamukamu. Shehewa analembapo mapulogalamu a kompyuta zaka makumi awiri asanabwerere kwawo kudzaphunzitsa madrasa.

"Assalamu alaikum, Shehe. Ndabwera ndi dandaulo."

"Wa alaikum salaam, Che Rajabu. Khalani pa njerwapo, ndikumva."

Rajabu anatsegula laputopu. Mu kenelo, pulogalamu imene ili ngati mtima wa makompyuta ambirimbiri, iye anali atapeza vuto m'gawo lotumiza uthenga pa intaneti. Nambala yoyeza kutalika kwa uthenga ikapitirira 65,535 inkasefukira n'kubwerera pa ziro, makina n'kuima. Analemba chigamba chokonzera vutolo n'kutumiza. Woyang'anira gawolo, mayi wina wakunja, anachibweza ndi mawu ochepa: mizere yatalika, sinayambire pamodzi, konzani. Khomo lolandirira zigamba linali loti litsekedwa mawa lake, ndipo Rajabu ankafunitsitsa dzina lake lilowe nawo.

"Ine ndawazimitsira moto, iwo akuona phulusa pa malaya anga," anatero Rajabu. "Inu amakudziwani, Shehe. Alembereni achilandire mmene chililimu."

Shehe anatsamiritsa fosholo, anasamba m'manja, anapukuta bwinobwino.

"Tandibwerekani. Ndingowongola mizere basi. Sindisintha liwu ngakhale limodzi."

Panali mzere umodzi wautali mpaka kutuluka pa sikirini. Anaudula patatu, chidutswa chilichonse pamalo pake, kenako anamubwezera laputopu.

"Werengani mokweza."

Rajabu anawerenga monyinyirika. Phatikiza nambala. Isunge. Ona ngati yapitirira malire. Pamenepo anaona cholakwika. Chigamba chake chinkayeza nambala itasefukira kale, itabwerera pansi n'kumaoneka yabwinobwino. Vuto lija linali likadali pomwepo. Masabata awiri anakhala akuuyang'ana mzerewo osaliona.

Kukonza ndi kuyesanso kunkafuna masiku atatu.

"Ndiye kuti khomo la mawa landipita."

"Lakupitani. Mudikira miyezi iwiri kuti atsegulenso."

Koma kamtima kodzimva ka Rajabu kanali kasanatheretu.

"Komatu mayi aja vutoli sanalione, Shehe. Iwo anangolimbana ndi mizere."

Shehe anamwetulira.

"Tisanayambe swala ndimatembenuka n'kuuza anthu kuti wongolani mizere. Si kuti Allah sangamve pemphero la munthu woima mokhota. Koma mzere ukawongoka, mpata umaonekera, wina n'kubwera kudzautseka. Mayi aja sananyoze nzeru zanu, Che Rajabu. Anakana kuvomereza chinthu chimene sakanatha kuchiwerenga. Inu mwataya miyezi iwiri. Akanachilandira, makina a anthu osakudziwani n'komwe akanaima, dzina lanu lili pamwamba pake."