Mathithi a Chibingu ndi Mlenje Wakhungu

Kalekale, mdzukulu wanga, kunali mayi wina dzina lake Namilanzi. Mwamuna wake, Chimbalanga, anali mlenje, koma atakalamba maso ake anachita khungu.

Kuseri kwa phiri lawo kunali mathithi aakulu otchedwa Chibingu. Madzi ake ankagwa kuchokera kumwamba kwenikweni, mkokomo wake n'kumamveka mpaka kumudzi.

Tsiku lina Chimbalanga anasiya kudya. Lotsatira osadya. Linanso osadya.

Namilanzi anafunsa, "Kodi bambo, chavuta n'chiyani?"

"Mayi, mtima wanga uli ku Chibingu. Ndikafikeko kamodzi kokha ndisanafe."

Abale anakana. "Njira ija ndi ya m'mbali mwa phompho, ndiponso kuli akambuku. Wakhungu akaonako chiyani?"

Namilanzi anali asanapondeko m'nkhalango imeneyo. Mantha anali nawo, koma mwamuna wake ankangoondera. M'mawa anakoleka thumba la chakudya paphewa, natenga ndodo, iye n'kugwira kutsogolo, mwamuna kumbuyo.

"Ine ndikhala maso, inu mukhale makutu. Tiyeni."

Anayenda, anayenda, anayenda. Chimbalanga anaima. "Khalani chete. Yang'anani m'mwamba, kudzanja lamanja."

Namilanzi anayang'ana. "Mayo! Mbalame yobiriwira, koma ikatambasula mapiko, kufiira kwake ngati makala a moto!"

"Ameneyo ndi nkulukulu. Tiyeni."

Anayenda, anayenda, anayenda. Chimbalanga anaimanso. "Tsamba lathyoka kumanzere. Musatsokomole."

Namilanzi anasuzumira. "Kanyama kofiirira, ka madontho oyera, kakuponda ngati pansi pali mazira. Kukongola kwake!"

"Imeneyo ndi mbawala. Tiyeni."

Anakwera chitunda, anyani akuwaperekeza m'mitengo. Anatsika kudambo, n'kupeza akatumbu akuseweretsana m'madzi. Namilanzi ankanena zonse zimene waona, mwamuna n'kumatchula mayina. Mantha aja anayamba kuiwalika.

Kenaka anafika pa kanjira ka m'mbali mwa phompho. Apa mkokomo unakula, makutu a Chimbalanga n'kugontha. Nkhungu ya madzi inaphimba ponseponse, maso a Namilanzi osaona patali. Miyala inali yoterera. Kutsogolo kosapitika, kumbuyo kosabwereka.

Mphepo itakankha nkhungu pang'ono, Namilanzi anangoti maso ndi maso ndi kambuku, ali chilili pakati pa njira.

Ndodo inanjenjemera. Chimbalanga anaimva m'manja mwake, n'kufuula, "Mwaona chiyani, mayi? Ndiuzeni!"

Kuthawa Namilanzi akanatha, koma akanasiya mwamuna paphompho. Anayandikitsa pakamwa pake kukhutu kwa mwamunayo.

"Bambo, ndaona nyama yoposa zonse. Chikopa chake ngati dzuwa likulowa, mawanga ngati maluwa akuda. Madontho a madzi akung'anima pandevu zake. Maso ake ndilibe chowafanizira."

Kambuku anamva. Anati, "Mayi inu, anthu akandiona, ena amathawa, ena amaponya mkondo. Woima n'kundiyang'ana bwinobwino, ndinu woyamba. Mukupita kuti?"

"Ndikuperekeza amuna anga ku Chibingu. Njira yatisokonekera."

"Yang'anani nsonga ya mchira wanga. Pomwe ndaponda ine, pondani pomwepo."

Kambuku patsogolo, Namilanzi pakati, Chimbalanga pambuyo. Phazi ndi phazi, phazi ndi phazi, mpaka anatulukira pathanthwe lalikulu. Namilanzi atatembenuka kuti athokoze, kambuku anali atalowa kale m'tchire.

Ndipo apo panali Chibingu! Madzi oyera mbee, akugwa osapuma, utawaleza utaima pakati pake.

Chimbalanga anati, "Ndiuzeni, mayi."

Namilanzi anatsegula pakamwa, koma mawu anasowa. Anangomugwira dzanja mwamuna wake, n'kumuimika pomwe madzi ankawaza. Thanthwe linkanthunthumira pansi pa mapazi awo. Madzi ozizira anawanyowetsa kumaso.

Mkuluyo anaima nthawi yaitali, misozi ikusakanikirana ndi madzi. Kenaka anaseka. "Basi, mayi, musavutike. Ndawaona. Kodi m'thumbamo muli mbatata? Njala yandipweteka."

Anadya pomwepo, awiriwiri, mathithi akubangula. Pobwerera nkhungu inali itachepa, ndipo anafika kumudzi ali bwinobwino.

Ndiye iwe mdzukulu wanga, ukamayenda m'nkhalango usamathamange, usamasokose. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tchire limaonetsa chuma chake kwa munthu woliyamikira.

Nthano yanga yathera pathanthwe pomwepo.