Dzino la Dzinkambani

Ndikulumbira pali malume anga ali kumandawo, mphenzi indiwombe pompano ngati ndinganame ngakhale liwu limodzi!

Kalekale, m'mudzi wina kuseri kwa dambo, munali asuweni awiri opeka nyimbo. Dzinkambani ankapeka mwachangu: nyimbo m'mawa, nyimbo masana, nyimbo madzulo. Kukacha, anthu aiwala zonse. Kamtedza ankangogona pansi pa mtengo wa mango, bangwe ali pamimba, n'kumati, "Mawa." Koma yake ikatuluka, amayi ankasinjira chaka chathunthu. Dzinkambani akaimva pamtondo, mtima unkamuotcha ngati wameza tsabola.

Tsiku lina Nasibeko, mayi wa ziweto zambiri, analengeza: "Mwana wanga akukwatiwa Loweruka. Amene nyimbo yake ivinitse anthu, atenga tonde wanga."

Dzinkambani anamaliza yake tsiku lomwelo. Lachitatu anaona msuweni wake akukunga zingwe za bangwe. "Ee, wayamba? Ndimubera masiku otsalawa."

Anakatsegula yekha khola. "Asuweni, nkhumba yathawa!" Kamtedza anaithamangitsa mpaka dzuwa kulowa.

Lachinayi anasasula yekha denga la nkhokwe. "Asuweni, kamvuluvulu!" Kamtedza anafolera mpaka dzuwa kulowa.

Lachisanu mabodza anamuthera, anangogwira tsaya. "Asuweni, dzino! Sindingayende."

"Dzino linayamba liti kugwira miyendo?"

"Ndiberekeni, inu, mafunso a chiyani!"

Kamtedza anamubereka ulendo wa kwa sing'anga, kutsidya kwa dambo. Njira yonse munthu akubuula. Phazi likaponda, "Mayo ine, hii!" Lina likaponda, "Mayo ine, hii!" Sing'anga sanafunse zambiri. Anamukanikiza pansi n'kuzula dzino lakutsogolo, labwinobwino.

Loweruka Dzinkambani anaimba yake, mawu akuthawira pabowo ngati mluzu. Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Kamtedza anaimirira, anakanda mutu, anawerama ngati wabereka thumba, n'kuyamba kuponda:

"Nkhumba ndagwira, mayo ine, hii!
Nkhokwe ndafolera, mayo ine, hii!
Mwana wandevu kumsana, mayo ine, hii!"

Bwalo lonse linanyamuka. Amayi kuberekana, madoda kuberekana, Nasibeko mpaka anabereka mkamwini wake pamaso pa anthu.

Kamtedza anakoka tonde n'kudzaima pamene panakhala msuweni wake.

"Asuweni, zikomo. Nyimboyi inkangozungulira m'mutu, osatuluka. Inadzatulukira kumsana kuja. Mutu wa mbuzi ndi wanu."

"Ndiudya ndi chiyani?" anatero Dzinkambani, dzanja lili pakamwa.

Mwamva, inu? Wopeka akamazengereza, musamati wagona. Nyimbo imakhala ikutola zotolatola m'kati. Wansanje akamati akumuchedwetsa, ndiye kuti akumutolera.

Nthano yanga yafika kumchira, ndaimangirira pomwepa. Zonse n'zoona. Zoti Nasibeko anabereka mkamwini zokhazo ndangothira ine. Apongozi angatero kuti?