Nambala Yachisanu ya Chipatala cha Mtsinjewoyera

Kalekale, mafoni asanayambe kujambula, intaneti idafika pa Mtsinjewoyera. Kampani idapereka manambala asanu ndi atatu okha ku mudzi wonse. Nambala iliyonse inali ngati ya pakhomo: munthu wakutali akaigogoda, amalowa m'makina ako. Yoyamba inali dzina la mndandanda, yomaliza yolengezera onse, ina ya pachipata cholowera intanetiyo. Zogawana zidatsala zisanu.

Mayi Nachisale anali ndi ana atatu.

Woyamba, Lufeyo, ndiye ankagawa manambalawo. Yachisanu adaipatsa chipatala, kuti dokotala wa m'tauni azitha kuona makina oyezera mtima ali komweko. Koma m'buku sadalembe. "Zili m'mutu izi, ndilemba mawa," ankatero. Pajatu zengerezu adalinda kwawukwawu. Adapita kukagwira ntchito kwina bukulo lili loyera.

Wachiwiri, Esinati, anali namwino pachipatalapo. Mvula itakakamira sabata yathunthu, batire ya sola idafooka. Iye adathimitsa makina a mtima kuti firiji ya katemera wa ana isazime, ndipo sadauze munthu.

Wachitatu, Gesomu, anali ndi nyumba yoonetsera mpira. Adatsegula buku la mkulu wake, napeza nambala yachisanu ilibe dzina. Adaigogoda katatu, zii. "Ndiye kuti ilibe mwini," adatero, n'kuitenga. Kufunsa kuchipatala, komwe kunali kungodumpha msewu, adaona ngati kutaya nthawi.

Lachinayi m'mawa mayi awo adagwa pobwerera kumunda atagwira pachifuwa. Anthu adawanyamula kupita nawo kuchipatala cha m'mudzimo, poti mlatho wopita kutauni unali utakokoloka. Esinati adayatsa makina aja, naimbira dokotala.

"Mankhwala alipo awiri," adatero dokotala. "Ndikalakwitsa ndiwapha. Ndione kaye mtimawo."

Dokotalayo adagogoda nambala yachisanu, koma tsopano inali ndi eni awiri. Chithunzi chinkati chikabwera theka n'kuduka, kenako iye n'kupezeka ali m'makina a mpira. Esinati adaimbira Lufeyo, yemwe adayamba kukanda mutu, osakumbuka kuti yachisanu adaipatsa yani. Pomwe uthenga unkafika kwa Gesomu kuti azule waya wake, mayi anali atazizira kale. Zinali zomvetsa chisoni kuona Esinati atagwirabe botolo la mankhwala m'dzanja lililonse.

Kumanda, malume awo a Chisale adaimirira patsogolo pa adzukulu okumba.

"Mlongo wangayu sadafe ndi mtima wokha. Awiri aponye dothi, atsanzikane ndi mayi wawo. Amene adamupha aime kutali, dothi lake ndalikana."

"Malume, ine ndinkasunga katemera," adalira Esinati.

"M'buku munalibe dzina," adatero Gesomu.

Lufeyo adangoti, "Nambalayo ndidaipereka bwinobwino," maso ali pansi.

Bokosi lili m'dzenje, mvula yayambanso, ndipo anthu akudikira. Inu mukadakhala a Chisale, ndani mwa atatuwa mukadamugwira dzanja kuti asaponye dothi pa mayi wake?